Mmene mungapimire mphekesera zoti a private equity akugulitsa gawo lawo m'kampani ya mankhwala

Nkhani ikangomveka yoti kampani ya private equity (kampani yogula makampani ena ndi cholinga chodzawagulitsa pa phindu) ikufuna kugulitsa gawo lake m'kampani yopanga mankhwala, mtengo wa masheya umayamba kugwedezeka anthu ambiri asanaiwerenge n'komwe mpaka kumapeto. Ena amathamangira kugula poganiza kuti kukubwera wogula wamkulu amene adzalipira mtengo wapamwamba, pamene ena amagulitsa poopa kuti masheya ochuluka akhuthuliridwa pa msika nthawi imodzi. Magulu awiriwa amva nkhani imodzi koma achita zosemphana, ndipo lililonse likhoza kupindula kapena kuluza malinga ndi njira imene gawolo ligulitsidwire. Maganizo anga ndi akuti munthu amene waika ndalama zake m'masheya asayambire pa funso loti kodi mphekeserayo ndi yoona. Ayambe wadzifunsa kuti, itapezeka kuti ndi yoona, ndalama zidzachoka m'manja mwa yani kupita kwa yani, ndipo iyeyo monga mwini masheya ochepa adzaima pati.

Yambani ndi wogulitsayo ndi nthawi imene yamutsalira

Makampani a private equity, monga Blackstone, KKR, CVC, EQT, Carlyle, Bain Capital ndi Advent International, sagwiritsa ntchito ndalama zawo zokha. Amasonkhanitsa mpamba kuchokera ku mathumba a penshoni, makampani a inshuwalansi, mathumba osungira chuma cha maboma ndi mabanja olemera kwambiri, n'kuika ndalamazo m'thumba limodzi limene nthawi zambiri limapatsidwa moyo wa zaka pafupifupi 10. M'zaka zoyambirira amagula makampani, kawirikawiri poonjezera ngongole yaikulu, ndipo m'zaka zotsatira ayenera kugulitsa zimene anagulazo kuti abweze ndalama kwa eni ake pamodzi ndi phindu. Choncho kugulitsa ndi mbali ya ntchito yawo kuyambira tsiku limene anagula, ndipo wina akakuuzani kuti akugulitsa chifukwa aona zoipa m'kampanimo, musafulumire kuvomera. Zikhoza kutheka kuti aonadi vuto, komanso zikhoza kutheka kuti nthawi ya thumba lawo yangokwana.

Chinthu choyamba kuchita ndicho kufufuza chaka chimene analowa m'kampanimo. Ngati papita zaka ziwiri zokha, kufulumira kwawo kukufunika kufotokozedwa, ndipo muyenera kufufuza chimene chawathamangitsa. Ngati papita zaka zisanu kapena kuposerapo, mphekesera zoti akufuna kutuluka si nkhani yachilendo, ndipo msika uyenera kuti unaziyembekezera kale. Bain Capital ndi Cinven anagula kampani ya ku Germany ya Stada m'chaka cha 2017, ndipo kwa zaka zingapo kumapeto kwake kunkamveka nkhani zosinthasintha, lero zoti aigulitsa kwa wogula mmodzi, mawa zoti aibwezera pa msika wa masheya, mpaka mu 2025 pamene anagwirizana zogulitsa gawo lalikulu kwa CapVest. Nkhaniyi imaphunzitsa kuti wogulitsa wanzeru amayenda njira ziwiri pa nthawi imodzi, ndipo amalola kuti njira iliyonse imveke kunja pofuna kukakamiza ogula kuti akweze mtengo.

Fufuzaninso mtengo umene anagulira. Wogulitsa amene ndalama zake zabereka kale kuwirikiza katatu akhoza kulandira mtengo wotsikirapo popanda kudandaula, pamene amene anagula mokwera amaumirira ndipo zokambirana zake zimakonda kulephereka.

Njira imene gawolo ligulitsidwire ndi imene imaloza kumene mtengo upite

Apa ndi pamene anthu ambiri amasocherera, chifukwa mawu oti "akugulitsa gawo lawo" amaphimba zochitika zosiyana kwambiri.

Njira yoyamba ndi yogulitsa gawo lonse kwa wogula mmodzi, kaya kampani ina ya mankhwala kaya thumba lina la private equity. Ngati gawolo ndi lalikulu moti limapereka mphamvu zolamulira kampani, malamulo a maiko ambiri amakakamiza wogulayo kuti apereke mwayi wogulitsa kwa eni masheya ena onse. Ku Britain ndi ku Germany malire ake ndi maperesenti 30 a mavoti, ndipo ku India munthu akafika maperesenti 25 ayenera kulengeza kuti ndi wokonzeka kugula maperesenti ena 26 kuchokera kwa anthu wamba. Ku United States kulibe lamulo lokakamiza chotero, kotero kuti gawo lolamulira likhoza kusintha manja inu osapatsidwa mwayi uliwonse wogulitsa pa mtengo womwewo. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu, ndipo musanagule sheya ngakhale imodzi chifukwa cha mphekesera, dziwani dziko limene kampaniyo inalembetsedwa ndi lamulo limene limagwira ntchito kumeneko.

Njira yachiwiri ndi yogulitsa masheya ambiri pa msika kudzera m'mabanki akuluakulu, imene a m'ntchitoyi amaitcha accelerated bookbuild. Msika ukatseka madzulo, banki imaimbira makasitomala ake akuluakulu, imasonkhanitsa maoda usiku womwewo, ndipo pofika m'mawa masheyawo amakhala atagulitsidwa pa mtengo wotsikirapo ndi maperesenti ochepa poyerekeza ndi mtengo umene msika unatsekera. Pa njira imeneyi palibe wogula kampani yonse, ndipo palibe mtengo woonjezera umene mungayembekezere. Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti m'mawa mwake mtengo wa pa msika umatsikira kufupi ndi mtengo umene masheyawo agulitsidwira. Munthu amene anagula dzulo lake poganiza kuti kampani ikugulidwa yonse amadzuka ataluza, ngakhale kuti mphekesera imene anamva inali yoona.

Njira yachitatu imatenga zaka. Kampaniyo imalowetsedwa pa msika wa masheya, eni ake akale amagulitsa gawo lochepa pa tsiku loyamba, kenaka amatsala ndi gawo lalikulu limene aliyense akudziwa kuti lidzagulitsidwa pang'onopang'ono. Amalonjeza kuti sagulitsanso kwa nyengo inayake, imene imatchedwa lock-up, nthawi zambiri masiku 180 kuchokera pa kulowa pa msika, ndi masiku 60 kapena 90 pambuyo pa kugulitsa kulikonse kotsatira. Masiku amenewa amalembedwa poyera m'chikalata cholengezera kugulitsa masheya, ndipo ine ndimaona kuti ndi chidziwitso chothandiza kwambiri kuposa mphekesera iliyonse, chifukwa ndi chaulere, chovomerezeka mwalamulo, ndipo chimakuuzani tsiku limene khomo litseguke. Lembani tsikulo pa kalendala yanu. Dziwaninso kuti mabanki amene anayendetsa malondawo ali ndi mphamvu zolola wogulitsa kutuluka tsikulo lisanafike, makamaka mtengo ukakwera kwambiri.

Masheya oyembekezera kugulitsidwa chotero amalemetsa mtengo, chifukwa ogula akuluakulu amaona kuti palibe chifukwa chogulira lero pa mtengo wathunthu zimene angadzazipeze motchipirapo mwezi wamawa. Koma kulemera kumeneku sikuposa mphamvu ya bizinesi yeniyeniyo. EQT ndi anzake anagula Nestlé Skin Health mu 2019 pa mtengo wa mafranc a ku Switzerland 10.2 biliyoni, n'kuibwezera dzina loti Galderma, ndipo mu Malichi 2024 anailowetsa pa msika wa ku Zurich pa mafranc 53 sheya imodzi. Pambuyo pake anagulitsa magawo awo kangapo, ndipo mu Ogasiti 2024 L'Oréal inagula maperesenti 10. Ngakhale kuti masheya ankatuluka motsatizana chonchi, mtengo unakwera mpaka kupitirira mafranc 100, chifukwa malonda a kampaniyo ankakula ndipo ogula analipo okwanira kulandira zonse zimene zinkagulitsidwa. Kugulitsa kotere kulinso ndi ubwino umene anthu amaiwala. Masheya oyendayenda pa msika akachuluka, kampani imapatsidwa malo aakulu m'mindandanda imene mathumba ambiri amatsata, ndipo mathumbawo amakakamizika kugula.

Palinso njira ina imene siyenera kukutayitsani nthawi. Nthawi zina kampani ya private equity imangosamutsa gawo lake kuchoka m'thumba lakale kupita m'thumba latsopano limene ikuyendetsa yokha, kapena imaitana mnzake kuti agule chidutswa cha kampani yosungira masheyawo. Zikatero mwini weniweni sanasinthe kwenikweni, ndipo kwa inu palibe chimene chabwera.

Mtengo wa wogulitsa wamkulu ukhoza kukhala pansi pa mtengo wa pa msika

Chikhulupiriro chofala n'chakuti gawo lolamulira kampani limagulidwa nthawi zonse pa mtengo woposa wa pa msika. Kawirikawiri zimaterodi, koma osati nthawi zonse, ndipo m'makampani a mankhwala muli zitsanzo zopweteka. Mu Juni 2018, pambuyo pa miyezi ya mphekesera, banja la Recordati la ku Italy linagwirizana zogulitsa gawo lake la maperesenti 51.8 m'kampani ya mankhwala ya Recordati kwa gulu lotsogozedwa ndi CVC pa mayuro pafupifupi 3 biliyoni, kutanthauza mayuro 28 pa sheya, pa nthawi imene mtengo wa pa msika unali pamwamba pa mayuro 30. Amene anagula masheya poyembekezera phwando anaona mtengo ukugwa. Pa nkhaniyi a private equity anali ogula, koma zofananazo zinachitika iwo ali ogulitsa mu Juni 2025, pamene KKR inagwirizana zogulitsa gawo lake la pafupifupi maperesenti 46 mu JB Chemicals ya ku India kwa Torrent Pharmaceuticals pa marupee 1,600 sheya imodzi, mtengo umene unali pansi pa wa pa msika.

Chifukwa chake si chovuta kumva. Mphekesera zikakhalitsa, zimakankhira mtengo m'mwamba kufikira pamene palibe wogula wanzeru angalipire, ndipo wogulitsa amene ali ndi theka la kampani sangathe kugulitsa masheya onsewo pa mtengo umene munthu wogulitsa masheya 100 amapeza. Ogula gawo lalikulu chotero ndi owerengeka, ndipo amadziwa kuti ndi owerengeka. Choncho mukamva mphekesera, bwererani m'mbuyo pa tchati cha mtengo mpaka tsiku lomaliza nkhaniyo isanayambe kumveka. Mtengo wa tsiku limenelo ndi umene ogula ndi mabanki awo amawerengerapo, ndipo mtengo woonjezera uliwonse umene angapereke amaukhazika pamwamba pa umenewo, osati pamwamba pa mtengo wa lero umene watupa kale.

Pimani kumene nkhaniyo yachokera

Nkhani zambiri zotere zimalembedwa ndi mawu oti zachokera kwa "anthu odziwa za nkhaniyi" amene sanafune kutchulidwa maina. Zikachokera ku mabungwe a nkhani amene ali ndi mbiri yofufuza bwino, monga Reuters, Bloomberg kapena Financial Times, nthawi zambiri zimakhala kuti zokambirana zilipodi. Komabe dzifunseni kuti amene wapindula ndi kutuluka kwa nkhaniyo ndani. Banki ya wogulitsa ikhoza kufuna kuti ogula ena amve n'kubwera kudzapikisana. Wogula akhoza kufuna kuona mmene eni masheya ndi andale alandirire nkhaniyo asanadzipereke. Ndipo pali anthu ena amene anagula kale masheyawo, amene akungofuna kuti inu mubwere pambuyo pawo kuti iwo apeze potulukira.

Werengani mosamala mawu amene agwiritsidwa ntchito. Kunena kuti mwini gawo "akulingalira njira zosiyanasiyana" n'kosiyana ndi kunena kuti walemba ntchito mabanki oti amuthandize kugulitsa, ndipo kumeneku n'kosiyananso ndi kunena kuti ogula apereka kale mitengo yawo yomaliza, kapena kuti wogula mmodzi wapatsidwa mwayi wokambirana yekha. Pa sitepe iliyonse mwayi woti malonda atheke umakula, koma phindu limene latsala kwa wogula masheya mochedwa limachepa. Chiganizo chimene chimapezeka kumapeto kwa nkhani zotere, choti palibe chitsimikizo chakuti malondawo adzachitika, anthu amachidumpha ngati mwambo chabe, pamene kangapo konse chimakhala chiganizo choona kwambiri m'nkhani yonseyo.

Kenaka pitani ku zikalata zovomerezeka. Ku Britain, malamulo a Takeover Panel, bungwe loyang'anira kugulidwa kwa makampani, amakakamiza kuti pakhale chilengezo ngati mphekesera zamveka kapena mtengo wagwedezeka modabwitsa zokambirana zili mkati, ndipo wofuna kugula akatchulidwa dzina amapatsidwa masiku 28 kuti alengeze cholinga chotsimikizika kapena achoke. Akachoka, saloledwa kubweranso kwa miyezi 6, kupatula pa zifukwa zochepa zolembedwa m'malamulowo. Ku United States, aliyense amene wadutsa maperesenti 5 ndi cholinga chokhudza kayendetsedwe ka kampani amalemba chikalata cha Schedule 13D ku SEC, bungwe loyang'anira misika ya masheya, ndipo kusintha kwakukulu kwa gawo lake kumalembedwanso. Zikalatazi zimapezeka kwaulere pa intaneti pa EDGAR. M'maiko a European Union, lamulo la Market Abuse Regulation limene linayamba kugwira ntchito mu 2016 limalola kampani kuchedwetsa kulengeza nkhani yachinsinsi, koma chinsinsicho chikangotuluka iyenera kulankhula mwamsanga. Ngati padutsa masiku angapo mtengo ukukwera koma kampani ili chete m'dziko la malamulo otere, kukhala cheteko kukhoza kukuuzani kuti kampaniyo ilibe chimene ikudziwa.

Werengerani zimene mungapindule ndi zimene mungaluze

Masamu ake ndi ochepa, ndipo palibe chifukwa chowadumphira. Tiyerekeze kuti sheya inali pa madola 90 mphekesera zisanayambe, nkhani zikunena kuti wogula angalipire madola 130, ndipo lero ikugulitsidwa pa madola 120. Mukagula lero, malonda akatheka mupindula madola 10, koma akalephereka ndipo mtengo n'kubwerera kumene unachokera, muluza madola 30. Kuti kugula kumeneku kukhale kwanzeru, muyenera kukhulupirira kuti mwayi woti malondawo atheke ukuposa maperesenti 75, chifukwa umenewo ndi mwayi umene mtengo wa lero wawerengera kale. Onjezeranipo nthawi, pakuti malonda otere amatenga miyezi yambiri kuti avomerezedwe, ndipo ndalama zanu zikanatha kubereka chiwongoladzanja kwina pa nthawi yonseyo. Ngati mulibe chifukwa chomveka chokhulupirira kuti mukudziwa bwino kuposa msika wonse, ndiye kuti mukutchova juga.

Zochitika zenizeni zimasonyeza mbali zonse. Mu Sepitembala 2021, Advent International ndi GIC ya ku Singapore anapereka makrona 235 pa sheya kuti agule Swedish Orphan Biovitrum, imene imadziwika kuti Sobi. Bodi inavomereza, mwini gawo lalikulu Investor AB anavomereza, ndipo anthu ambiri ankaona ngati nkhani yatha. Koma ogulawo anaika lamulo loti apeze masheya oposa maperesenti 90, ndipo mu Disembala anafika pa maperesenti 87.3 okha, chifukwa AstraZeneca, imene inali ndi pafupifupi maperesenti 8, sinapereke masheya ake. Malonda anafera pomwepo, ndipo mtengo unagwa ndi maperesenti opitirira 20 tsiku limodzi. Ku Spain, Brookfield inakhala miyezi ingapo mu 2024 ikufufuza mabuku a kampani ya mankhwala ya Grifols, imene inkafuna kugula pamodzi ndi banja limene linayambitsa kampaniyo, inatchula mayuro 10.50 pa sheya ya gulu A, bodi inati mtengowo ndi wochepa, ndipo mu Novembala Brookfield inachoka.

Nkhani ya Dechra Pharmaceuticals, kampani ya ku Britain ya mankhwala a ziweto, imasonyeza kuti ngakhale malonda atatheka, mtengo womveka poyamba si lonjezo. Mu Epulo 2023 kampaniyo inalengeza kuti ikukambirana ndi EQT pa mtengo wa mapeni 4,070 pa sheya. Mu Meyi inachenjeza kuti phindu lake likhala lotsika kuposa mmene ankayembekezera, ndipo mu Juni mgwirizano unasainidwa pa mapeni 3,875. Mbali ina, Vectura, kampani inanso ya mankhwala ya ku Britain, mu 2021 inayamba ndi mtengo wa Carlyle wa mapeni 136, kenaka Philip Morris International inalowerera ndi 150, Carlyle inakweza kufika 155, ndipo Philip Morris inapambana ndi 165. Mpikisano wotere ndi umene aliyense amalota akamagula pa mphekesera, ndipo umachitikadi, koma si umene umachitika kawirikawiri, ndiye musamange masamu anu pa iwo.

Fufuzani amene angatseke njira

Pa nkhani ya Sobi, chidziwitso chimene chikanachenjeza munthu chinali poyera m'ndandanda wa eni masheya akuluakulu. Lipoti la pachaka la kampani iliyonse limatchula eni masheya amenewa, ndipo ntchito yanu ndi kuyerekeza magawo awo ndi malire amene wogula waika. Ngati wogula akufuna maperesenti 90, mwini mmodzi wa maperesenti 8 ndi anzake ochepa akhoza kuimitsa zonse. Dzifunseninso ngati mwini ameneyo ali ndi chifukwa china choposa mtengo, monga mgwirizano wa malonda a mankhwala enaake ndi kampani imene ikugulitsidwayo.

Mphamvu yotsekerezayi nthawi zina imapindulira eni masheya ochepa. Pa Stada mu 2017, kuyesa koyamba kwa Bain Capital ndi Cinven kunalephera chifukwa sanafike pa maperesenti 67.5 amene anadziikira. Anabweranso ndi mayuro 66.25 pa sheya n'kutsitsa malire kufika maperesenti 63, ndipo anadutsa movutikira. Thumba la Elliott Management, limene linali litasonkhanitsa gawo lalikulu, linaumirira mpaka ogulawo anavomera kulipira mayuro 74.40 kwa amene anatsala. Koma dziwani kuti masewera amenewo amaseweredwa ndi anthu okhala ndi maloya ndi ndalama zodikirira zaka, ndipo munthu wamba amangopindula ngati wapezeka mbali yawo mwamwayi.

Maboma nawonso ali ndi mawu, ndipo pa mankhwala mawu awo ndi olemera kuposa m'mabizinesi ena ambiri. Mabungwe oona za mpikisano, monga FTC ku United States, CMA ku Britain ndi European Commission, amafufuza ngati wogula ali kale ndi mankhwala opikisana ndi a kampani yogulidwayo, ndipo apa thumba la private equity limadutsa mosavuta kusiyana ndi kampani ina ya mankhwala. Palinso ndale. Pamene Sanofi inkagulitsa theka la Opella kwa Clayton, Dubilier & Rice mu Okutobala 2024, andale a ku France anakwiya chifukwa cha Doliprane, mankhwala a paracetamol amene amapezeka pafupifupi m'nyumba iliyonse m'dzikomo, ndipo malondawo anapitirira pokhapokha boma litapatsidwa malonjezo okhudza ntchito za anthu ndi mafakitale, komanso banki ya boma ya Bpifrance italowa ndi gawo la pafupifupi maperesenti 2.

Bwererani ku mankhwala enieniwo

Izi ndi zimene ndimaziona kuti n'zofunika kuposa zonse zimene ndanena pamwambapa. Mphekesera zikazilala, chimene mumatsala nacho m'manja ndi kampani yopanga mankhwala, ndipo mtengo wake umadalira zinthu zimene sizikhudzana ndi dzina la mwini gawo lalikulu. Onani kuti ndalama zake zambiri zimachokera ku mankhwala angati, ndipo patenti ya mankhwala amenewo, kutanthauza ufulu walamulo woti kampaniyo yokha ndiyo iwapange ndi kuwagulitsa, ikutha liti. Patenti imakhala zaka 20 kuchokera tsiku limene pempho linaperekedwa, zaka zambiri mwa zimenezi zimathera m'kafukufuku, ndipo ikatha makampani ena amabwera ndi mankhwala ofanana nawo pa mtengo wotsika. Humira ya AbbVie, imene inali mankhwala obweretsa ndalama zambiri kuposa ena onse padziko kwa zaka zingapo, inayamba kupikisana ndi mankhwala otere ku United States mu 2023 ndipo malonda ake anatsika kwambiri. Wogulitsa wa private equity amadziwa tsiku limene patenti ikutha, ndipo mwachibadwa amafuna kutuluka tsikulo lidakali kutali.

Onaninso masiku amene zotsatira za kafukufuku wa gawo lachitatu, woyesa mankhwala pa odwala ambiri asanavomerezedwe, zikuyembekezeka, ndi masiku amene mabungwe ovomereza mankhwala, FDA ku United States kapena European Medicines Agency ku Ulaya, apereke chigamulo. Pa 20 Disembala 2024 masheya a Novo Nordisk, kampani imene inali pakati pa zazikulu kwambiri ku Ulaya, anagwa ndi pafupifupi maperesenti 20 tsiku limodzi chifukwa zotsatira za mankhwala ochepetsa thupi a CagriSema sizinafike pamene msika unkayembekezera. Ngati kampani yaikulu chotero ingagwedezeke motero, kampani yaing'ono yodalira mankhwala amodzi ikhoza kutaya theka la mtengo wake m'mawa umodzi, ndipo wogula amene ankakambirana nayo amachoka kapena amatsitsa mtengo. Kwa makampani a mankhwala otchipa ofanana ndi oyambirira, choopsa chachikulu chili m'mafakitale, chifukwa kalata yochenjeza yochokera ku FDA ikhoza kutseka msika wa ku United States kwa fakitale yonse. Mitengo nayo ili m'manja mwa maboma, ndipo lamulo la Inflation Reduction Act la mu 2022 linapatsa Medicare, inshuwalansi ya zaumoyo ya boma la United States yothandiza okalamba, mphamvu zokambirana mitengo ya mankhwala ena, mitengo yoyamba yotere n'kuikidwa kuti iyambe kugwira ntchito mu 2026.

Pomaliza pa mbali imeneyi, yang'anani ngongole. Kampani imene yakhala m'manja mwa private equity imatuluka kawirikawiri ili ndi ngongole yaikulu, ndipo muyenera kuyerekeza ngongoleyo ndi phindu la pachaka musanachotse chiwongoladzanja ndi misonkho, komanso kuona chaka chimene iyenera kubwezedwa. Onani ngati ndalama za kafukufuku zinadulidwa kuti phindu lioneke lonenepa m'zaka zoyandikira kugulitsa. Kudula kotero kumakongoletsa mabuku a lero, koma kumasiya kampani yopanda mankhwala atsopano zaka zisanu zikubwerazo, ndipo izi zimakhudza odwala monga mmene zimakhudzira eni masheya.

Mmene mungachitire mukasankha kulowa

Mukafufuza zonsezi n'kuona kuti kampaniyo mukhoza kuisunga mokondwa ngakhale mphekesera itafa, mukhoza kugula, koma ndi ndalama zimene kutayika kwa gawo limodzi mwa magawo atatu ake sikungasokoneze moyo wanu. Musagule ndi ndalama zangongole, chifukwa nkhani zotere zimatuluka msika uli wotseka, ndipo mtengo umatsegukira pansi kwambiri moti lamulo limene munapatsa buloka wanu loti agulitse mtengo ukafika penapake silingakutetezeni. Pogula, tchulani mtengo umene simukufuna kupitirira, makamaka pa tsiku limene nkhani yangotuluka kumene ndipo mitengo ikudumphadumpha. Ngati mukuyembekezera kugulitsa kwa pa msika pambuyo pa lock-up, kudikira mpaka masheyawo atagulitsidwa kumapereka mtengo wabwino kawirikawiri kuposa kuthamangira kutsogolo kwake, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati muli kale ndi masheyawo ndipo mtengo wakwera chifukwa cha mphekesera, kugulitsako ena n'kusunga ena ndi njira yabwino yochepetsera chiopsezo. Lembani pa pepala, musanagule, mtengo ndi tsiku limene mudzatuluke nkhaniyo ikapanda kutsimikizika, chifukwa mtima umavuta kuvomereza kuluza nthawiyo ikafika.

Pali malire amodzi amene simuyenera kuwadumpha. Ngati nkhani mwaimva kwa munthu wogwira ntchito m'kampaniyo, kubanki, kwa maloya ake kapena kwa dokotala woyendetsa kafukufuku, ndipo sinalengezedwe poyera, kugula kapena kugulitsa potengera nkhaniyo ndi mlandu m'maiko onse okhala ndi misika yaikulu ya masheya, ndipo kuiuza wina kuti iye agule ndi mlandunso. Mathew Martoma wa thumba la SAC Capital ku United States anagwiritsa ntchito zinsinsi za kafukufuku wa mankhwala a matenda a Alzheimer a makampani a Elan ndi Wyeth mu 2008, zimene anapatsidwa ndi dokotala wina, ndipo mu 2014 anagamulidwa kukhala m'ndende zaka 9. Mabungwe oyang'anira misika amabwerera m'mbuyo kukafufuza maakaunti amene anagula masiku ochepa chilengezo chachikulu chisanatuluke, ndipo amayerekeza maina a eni ake ndi mndandanda wa anthu amene ankadziwa za malondawo, umene makampani ndi mabanki amakakamizidwa kusunga.